Nkhandwe ya a Maynard

Liness Kamtedza, amene anzake a kutchalitchi ku Lozells, kuno ku Mangalande, amamuitana kuti Make Laison, ndi munthu woti ukamuuza kuti kunja kukugwa mvula amayamba watulutsa dzanja pawindo. Si mwano ayi, ndi chibadwa. Akagwira mfundo wagwira, ngakhale mubwere ndi abusa, dokotala ndi wapolisi pagalimoto imodzi. Mwamuna wake Rapson anasiya kalekale kutsutsana naye. Amangoti, “Chabwino, mayi,” n’kunyamula jekete lake kupita kukasenza makatoni kuntchito. Munthu wanzeru, Rapson.

Liness anabadwira ku Ntchisi, cha kwa Malomo, m’banja la alimi a fodya. Sukulu anailekeza folomu thuu bambo ake atamwalira, ndipo imfa ya bambo akeyo muyenera kuidziwa kuti mumvetse zimene zikubwerazi. Anali bambo wamphamvu, wopalasa njinga mpaka ku Mponela n’kubwerako dzuwa lisanapendeke. Ndiye chaka china, fodya ali m’chigafa, nkhandwe inayamba kulira kuseri kwa khola. Lero yalira, mawa yalira. Amayi ake a Liness anati, “Awa ndi malodza.” Bambowo anangoseka. Sabata isanathe anadandaula mutu, ndipo Lamlungu lotsatira anthu anali kumanda. Tsono inuyo, ndi masukulu anuwo, mukamuuza chiyani mwana amene anaona zimenezi ndi maso ake?

Atakula anapeza ntchito pachipatala china cha mishoni: kukolopa, kusintha zofunda, kutembenuza odwala kuti asatuluke zilonda. Anaigwira zaka zambiri mpaka msana unazolowera. Mwayi wa ntchito zosamalira okalamba ku Mangalande utatseguka, anasiya mwana wake Laison ndi agogo ake kuti amalize sukulu, iye n’kukwera ndege. Rapson anatsatira pambuyo. Anapeza kachipinda ku Whitmore Reans, mumzinda wa Wolverhampton, m’nyumba yoti ukatsokomola pansi wapamwamba amakuuza kuti pepani.

Ntchito yake ndi yolowa khomo ndi khomo. M’mawa kudzutsa munthu, kumusambitsa, kumupatsa mankhwala. Masana chakudya. Madzulo tiyi ndi chakudya china. Nkhalamba zina n’zolemera, zosatheka kuzinyamula munthu mmodzi, ndiye amapita awiri. Mnzake wa Liness pa maulendo oterewa ndi Bupe, mtsikana wa ku Zambia wokulira ku Lusaka, mwini kagalimoto kamene chitseko chake chakumanzere chimatseguka ukachipempha mwaulemu. Bupe amaseka chilichonse. Liness amati mwanayo adzaseka ngakhale pamaliro ake omwe.

Nyumba ina pamndandanda wawo inali ku Bilston, pafupi ndi ngalande yamadzi, ndipo munkakhala a Maynard. Mzungu wa zaka zoyandikira makumi asanu ndi anayi, miyendo itakana koma mutu uli bwinobwino, ndipo pakamwa ndiye posanena. Akazi awo a Dorothy anali atamwalira. Mwana wawo mmodzi yekha, Zoe, ankakhala ku Solihull n’kumabwera Loweruka. Madalawa ankakhala pampando umodzi tsiku lonse, atayang’ana chitseko chagalasi chotulukira kuseri, kumene kunali kabwalo ka udzu, kashedi ndi mpanda wamatabwa.

Ali mnyamata anakakhalako ku Canada, kuweta nkhosa pafamu ina ku Alberta, asanabwerere kudzagwira ntchito yazitsulo kwawo konkuno. Zaka za ku fakitale zinali zambiri kuposa za ku Canada, koma za zitsulo sankazitchula n’komwe. Nkhani yawo inali imodzi basi, yomweyomweyo m’mawa, masana ndi madzulo: kusiyana kwa mmbulu ndi kanyama kena ka kumeneko kotchedwa kayoti.

“Anthu amasokoneza,” ankayamba choncho m’Chingerezi chawo cha ku Bilston, chimene Liness anatenga miyezi kuti achizolowere. “Mmbulu ukauona sufunsa. Chinyama chachikulu, chimutu chotakata, phazi lake ngati chikhatho changachi. Ukamathamanga mchira umauwongola kumbuyo. Kayoti ndi wochepa, kukamwa kosongoka, makutu ngati anachita kubwereka, ndipo akamathawa mchira uli pansi ngati waba.”

“Kwezani mkono, agogo,” ankatero Liness, thaulo lili m’manja.

“Mimbulu imasaka pagulu, imagwetsa nyama yaikulu ngati ng’ombe. Kayoti? Mbewa, ziwala, zipatso zogwa, zotaya kudzala, chilichonse. Mmbulu ukalira ndi mawu amodzi aatali, umamva kuzizira m’mimba. Akayoti awiri akayamba phokoso umayesa alipo khumi, ngati ukwati wa anthu oledzera.”

“Zonsezo ndi nkhandwe, agogo. Mkono winawo.”

“Si nkhandwe! Ukundimva iwe?”

Abale, ankamva. Akanatha kulemba mayeso n’kukhoza. Chimene chinkamutopetsa n’chakuti kutchire kwa dziko lino kulibe mmbulu ngakhale umodzi, kayotiyo ndiye sanapondeko n’komwe, ndiye phunziro lonseli linali loti akalithandizire chiyani? Iye ali ndi makomo ena akumudikira, foni ya ku ofesi ikungolira m’thumba, munthu akukuuza za michira ya nyama za ku Canada. Ndipo madalawo sankamaliza asanafike pa mfundo imene ankaikonda kuposa zonse.

“Kusiyana kwenikweni si kukula ayi. Mmbulu ukauvutitsa umachoka, osabweranso. Anthu akamanga nyumba, iwo umasamukira kumapiri. Koma kayoti! Tinamutchera misampha, tinamuwombera, tinamuthirira poizoni. Chaka chamawa uyo akubwera ndi ana.”

Miyezi yoyamba Liness ankapita kumeneko m’mawa ndi masana okha. Atamusinthira mashifiti n’kumupatsa ulendo wamadzulo, m’pamene anaona zimene anaona. Anawakonzera soseji, mbatata zopondaponda ndi nsawawa, n’kuika mbale patsogolo pawo. A Maynard sanagwire foloko. Anadula soseji pakati, theka n’kuliika pakambale kena.

“Tsegula chitseko, uike apo pamwala.”

Bupe, amene anali atazolowera kale, anatenga kambaleko n’kukaika panja. Sipanapite nthawi. Pansi pa mpanda, pakona pamene thabwa linawola, panatulukira kamutu kosongoka, kenako thupi lofiirira ngati dothi la katondo, kenako chimchira. Nyamayo inali kutsimphina mwendo wakumbuyo. Inaima, inayang’ana m’nyumba ngati ikuwerenga anthu, n’kudya.

“Yesu wanga!” Kapu inamupulumuka Liness. “Bupe, nkhandwe! Nkhandwe pakhomo, kusanade n’komwe!”

“Ba Liness, ni ka fox chabe,” anatero Bupe, misozi ya chiseko ili mbwee. “Tuli mbwee kuno, mpaka pa bus stop.”

“Ameneyo ndi Queen,” anatero a Maynard monyadira. “M’bale wake wa kayoti, mtima ndi womwewo. Wachedwa lero.” Atatero ananyamula foloko n’kuyamba kudya, maso ali pa nkhandweyo.

Queen! Dzina la mng’ono wake weniweni wa Liness, mayi wa ana atatu, msungichuma wa Mvano kwawo. Kulipereka kwa chilombo chodya m’mabini. Liness anatola zidutswa za kapu, ndipo m’galimoto anamufotokozera Bupe zonse, za bambo ake, za khola, za manda. Bupe anamvetsera mwaulemu ndithu, kenako anati, “Manje nkhandwe za ku Ntchisi na za ku Bilston zimatumizana ma message?” Tsiku limenelo sanalankhulanenso mpaka kuweruka.

Zinapezeka kuti mwambowu unayamba a Dorothy atangomwalira. Madalawo sankatha kudya okha patebulo, chakudya chinkawakakamira pakhosi. Tsiku lina anaponya nyama panja chifukwa cha kukwiya, nkhandwe n’kubwera. Kuyambira pamenepo m’mawa ankangomwa tiyi, masana kulawa pang’ono, koma chakudya chenicheni chinkalowa madzulo, Queen akayamba. Liness anapirira. Ankatembenuka kuyang’ana kukhitchini, n’kumang’ung’udza nyimbo ya kutchalitchi mpaka chilombocho chitapita.

Kenako kunafika Januwale, mwezi umene dzuwa la kuno limangosuzumira n’kubwerera. A Maynard anagwidwa chifuwa. Ndipo madzulo ena, Liness akutulutsa zinyalala, kuseri kwa mpanda kunamveka kulira. Amene anamvapo nkhandwe za kuno zikamafunana nyengo yozizira akudziwa: umayesa munthu akupotoledwa khosi. Bupe anati ndi nyengo yake, zikufuna amuna, zisiyeni zisangalale. M’nyumba munthu akutsokomola, panja nkhandwe ikulira, ndipo Liness anali ataonapo kale kumene msewu umenewu umathera.

Musamuyese wankhanza. Madalawo anali atawakonda, ngakhale ankamutopetsa. Ankawadzoza mafuta m’miyendo ngati bambo ake omubala. Ndiye anati mumtima, “Kwa Malomo ndinali mwana, sindikanachitapo kanthu. Pano ayi.”

Tsiku lotsatira Bupe ali m’mwamba kusintha zofunda, Liness anatuluka ngati akupita kubini. Kuseri kwa shedi kunali njerwa zakale. Anazisanja pabowo paja mwaluso, mwana wa mlimi, n’kutsira dothi. Anatulutsa m’chikwama botolo la tsabola wa kambuzi amene anachokera naye kumudzi, amene ngakhale Rapson ankamupatsa mochita kuyeza, n’kuwaza mpanda wonse. Ali pakati, Queen anasuzumira pampata wa geti lakumbali. Liness anatola mopu ndi chidebe cha madzi okolopera.

“Choka! Pita kwa amene wakutuma! Muno muli magazi a Yesu!”

Madzi onse anathera pamsana pa nkhandwe. Inathawa mwendo uli m’mwamba. Nkhandwe yabwinobwino mpanda ngati umenewo imangoulumpha, koma iyi ndi mwendo wakewo sikanatha. Liness anatsekanso mpata wa geti ndi thabwa, anasamba m’manja, n’kukawapangira madala tiyi mtima uli mbee.

Madzulo amenewo kambale kanakhala pamwala mpaka soseji inazizira. A Maynard anadikira, foloko ili pambali. Mawa lake chimodzimodzi. Chifuwa chinatha ndi mankhwala a dokotala, ndipo Liness anayamika Mulungu podziwa yekha chimene chinathandiza. Koma mbale zinayamba kubwerera kukhitchini monga zinapitira. Anayesa supu, anayesa phala la oti, anayesa nsomba ndi tchipisi za pashopu yapakona zimene ankazikonda. Ankaluma kamodzi n’kukankha mbale.

“Idyani, agogo. Mankhwalawa safuna m’mimba mopanda kanthu.”

“Ndidya akabwera.”

“Nanga akapanda kubwera?”

“Abwera. Mtundu umenewu umabwera.”

Koma abale, munthu wamkulu, wakuti anaona dziko, kukana chakudya chifukwa cha nkhandwe! Liness ankatuluka m’nyumbamo mutu ukuwira. Ankadziuza kuti ndi matama a ukalamba, njala ikawapweteka adya. Njala sinawapweteke. Lamba anayamba kumangidwa pabowo latsopano, mphete ya ukwati inayamba kuvuka yokha. Ngakhale phunziro la mimbulu linafupika, kenako linasiyiratu, ndipo m’nyumbamo munangotsala phokoso la wotchi.

Nesi atabwera kudzawayeza sikelo anaimbira foni Zoe. Zoe anafika pakati pa sabata, maso ali ofiira, n’kuima pakati pa chipinda chikhoti asanavule. Sanali mwana woipa. Anali mwana wotopa, wa ntchito yake ndi ana ake, amene ankaopa kudzapeza bambo ake atauma pampando.

“Adadi, sindingakuonereni mukufa ndi njala. Mwezi uno ukatha musanayambe kudya, mukupita ku care home, kosungirako okalamba. Malo ndapeza kale. N’kwabwino, kuli anthu usana ndi usiku.”

“M’nyumba muno ndinalowa ndi amayi ako,” anatero madalawo. “Ndidzatuluka m’bokosi.”

“Ndiye idyani!”

Zoe atapita, Liness anagwada kuwavula a Maynard masilipasi.

“Mwina ndinalakwitsa,” anatero madalawo. “Mwina Queen ali ndi mtima wa mmbulu. Wavutitsidwa, wapita. Ine ndiye ndikudzidziwa. Kayoti ungamutaye paliponse, mawa umupeza wanenepa. Iwe ndi mnzakoyo mwachoka kutali, mukudya, mukuseka, mukudziwa mabasi onse. Ine ayi. Gulu langa linatha, kwatsala ndi malo okha. Mukandichotsa pano sindimaliza mwezi.”

“Musadzitemberere, agogo,” anatero Liness.

Bupe ndi amene anapeza njerwa. Anapita kukataya madzi a maluwa, n’kubwerera akuyetsemula, maso akutuluka misozi ya tsabola. Ulendo uno sanaseke. Anadikira mpaka alowe m’galimoto.

“Ba Liness, ndimwe munavala ija hole?”

“Ndimawateteza.”

“Mwabateteza, ehe. Manje onani. Mudala sakudya, bazamutenga, azafela ku care home pakati pa bantu bamene saziba. Ndiye kuteteza kwanu?”

“Iwe sunaike bambo ako m’manda chifukwa cha chilombo chimenechi!”

“Na imwe muzaika uyu chifukwa cha njerwa.”

Mawu amenewo anamulasa. Anafika kunyumba osadya, n’kukhala pabedi yunifolomu ili m’thupi. Rapson atafunsa, anamufotokozera, akuyembekeza kuti mwamuna wa kwawo amvetsa. Rapson anakanda mutu. Anati iyenso nkhandwe amaiopa, sangakane, koma walira mvula walira matope: wafuna madalawo akhale moyo, ndiye alandire ndi chimene chikuwasunga moyocho. Liness anamuyang’ana moti Rapson anakumbukira kuti ali ndi shifiti.

Koma m’mawa mwake anapita kukagumula njerwa. Anachotsa thabwa pageti. Anathira madzi mpanda wonse, ndowa ndi ndowa, kutsuka kambuzi wake wa mtengo wapatali, akudzitukwana chamumtima. Madzulo anaika yekha kambale pamwala, koyamba chibwerere. Palibe chinabwera. Mawa lake anaika nyama yambiri. Inadyedwa ndi mphaka wa oyandikana nawo, Liness akuona.

Loweruka anakwera tiramu ndi basi mpaka ku Lozells, kukagula nkhuku yolimba ija, yonga yachikuda, imene amagula pa Khirisimasi pokha. Rapson atamva fungo anabwera kukhitchini akumwetulira, akutikita m’manja. Anauzidwa kuti iye adya nyemba.

“Mayi, mukutanthauza kuti nkhukuyi ndi ya nkhandwe?”

“Ndati mudya nyemba.”

Ndiye taganizani. Mayi wa Mvano, wakuti Lachinayi amavala zoyera n’kutsogolera pemphero, ataima pakati pa udzu wonyowa ku Bilston, mwendo wa nkhuku uli m’manja, akuitana molunjika kungalande: “Queen! Queen! Bwera, mwali! Bwera udye!” Woyandikana nawo anasuzumira pawindo n’kutseka katani. Liness anapempha Mulungu kuti nkhani imeneyi isadzafike ku Ntchisi, makamaka kwa mng’ono wake.

Mwezi unali ukutha. Zoe anali atabweretsa kale masutikesi awiri n’kuwaika pansi pa masitepe. Madzulo ena Liness analowa kuchokera panja, zala zitauma ndi chisanu, n’kukhala pakampando pafupi ndi madalawo. Kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni anawafunsa yekha.

“Agogo, kayoti uja mukamupirikitsa, amabwera liti?”

A Maynard anatembenuza mutu pang’onopang’ono. Masaya anali atalowa, koma m’maso munawala kanthu.

“Zimatengera amene wamupirikitsa. Ngati ndi mayi wa mopu ndi chidebe, amatenga nthawi.”

Liness anacheuka. Chitseko chagalasi chija! Munthu ankakhala moyang’ana komweko tsiku lonse, ndipo iye, ndi nzeru zake zonse, sanaganizeko.

“Munaona?”

“Miyendo ndi imene inafa, maso alipo.”

“Nanga osanena bwanji? Osamuuza Zoe, kapena ku ofesi?”

“Akanakuchotsa. Ndiye ndani akanandidzoza mafuta ngati akukanda buledi?” Anatsokomola. “Ndimayesa abwera yekha, ndikuonetse kuti ndimanena zoona. Chifukwa chimene unachitira zimenezo sindikuchidziwa.”

Liness anawauza. Za fodya m’chigafa, za khola, za bambo ake. Anayembekeza kuti aseka ngati Bupe. Sanaseke.

“Mwana wanga,” anatero, “pa msinkhu wangawu imfa sikufunika kutuma nkhandwe. Adiresi ikuidziwa. Chimene ndikupempha n’chakuti idzandipeze pano.”

Liness analira, ndipo anakwiya kuti akulira, ndiye anafunsa mwaukali kuti tsono achite chiyani, poti nkhuku yatha. Madalawo anawongoka pampando. Mphunzitsi anali wapeza wophunzira patapita miyezi yonseyi.

“Choyamba, leka kukuwa. Ukumuitana ngati wapolisi. Nyama zimenezi zimaopa chachilendo, ndipo iwe watsuka fungo lake lonse n’kusiya lako. Tenga bulangeti langali, ulikhwekhwereze kuyambira pabowo mpaka pamwala. Chakudya uike kunja kwa mpanda, mawa pabowo, mkuja mkati. Ukatero ubwere ukhale pansi apa, osagwedezeka, osalankhula.”

“Osalankhula mpaka liti?”

“Mpaka abwere.”

Kumuuza Liness kuti akhale chete kuli ngati kuuza mvula ya kuno kuti idikire uchape. Koma anachita. Nthawi ya ulendo wawo ikatha, Bupe ankapita kukayamba khomo lotsatira losafuna anthu awiri, n’kudzamutenga pambuyo. Tsiku lake lopuma Liness anabwera ndi basi, wopanda yunifolomu. Ankakhala pansi pakapeti, msana utatsamira mpando wa madala, chitseko chili chotsegula pang’ono, mphepo ikumulowa m’mafupa. Mwendo unkachita dzanzi. Pakhosi pankayabwa nyimbo. Ndipo mumtima ankapemphera pemphero limene sakanalitchula pamaso pa abusa: Ambuye, bwezani nkhandwe.

Chakudya cha kunja kwa mpanda chinayamba kusowa. Liness anati ndi mphaka. Madalawo anamutuma kukaona mapazi m’matope, n’kumufunsa ngati zikhadabo zikuoneka. Zinkaoneka. Anati mphaka akamayenda amabisa zikhadabo, ndipo tsiku limenelo anamwa supu theka la kapu.

Nkhandwe inatulukira Lachisanu, kutatsala tsiku limodzi kuti Zoe abwere ndi galimoto. Kamutu kanasuzumira pabowo n’kubwerera. Kanasuzumiranso. Kenako inalowa yonse, yowonda, ubweya uli nyankhalala, ikununkhiza njira ya bulangeti. Itafika pakati inaima. Inamuona Liness. Anayang’anizana, mayi wa ku Ntchisi ndi malodza ake, ndipo chilichonse m’thupi mwake chinkamuuza kuti adzuke akuwe dzina la Yesu. Analuma mlomo mpaka kulawa magazi. Dzanja la madala linali paphewa pake, lopepuka ngati tsamba la fodya wouma.

Nkhandwe inaweramitsa mutu n’kuyamba kudya.

Kumbuyo kwake Liness anamva kachitsulo kakugunda mbale. Sanatembenuke. Anangomvetsera foloko ikupita, ikubwera, ikupita, ikubwera, mpaka inayamba kukanda pansi pa mbale.

“Waona mchira?” ananong’ona a Maynard chakudya chili m’kamwa. “Ndinakuuza. Mtima wa kayoti.”

“Idyani, agogo, musatsamwe.”

Zoe atafika Loweruka anapeza bambo ake akukangana ndi Bupe kuti dzira laphikidwa mopitirira. Anaima pakhomo, anayang’ana mbale, anayang’ana masutikesi, n’kukhala pamasitepe kulira. Anati aona mwezi wina. Mwezi winawo utatha masutikesi anabwerera ku Solihull opanda kanthu. Phunziro la mimbulu linayambiranso, m’mawa, masana ndi madzulo, ndipo Liness anayambiranso kudandaula m’galimoto kuti munthuyu adzamupengetsa.

A Maynard anamwalira kumapeto kwa Epulo, masana dzuwa likuwala. Liness ndi Bupe anawapeza pa ulendo wamadzulo ali pampando wawo, bulangeti lili pamiyendo, nkhope italoza kuchitseko chagalasi. Anatuluka m’nyumba yawo m’bokosi monga ananenera.

Patapita masabata angapo, chikwangwani chogulitsa nyumba chitazikidwa kale kutsogolo, Liness anauza Bupe kuti aime ku Bilston. Sipanali pamndandanda. Anatsika ndi kachitini ka majarini, n’kuzungulira kanjira ka kungalande mpaka kuseri kwa mpanda. Bupe anamutsatira. Bowo linali lotsegula, ndipo m’matope munali mapazi aakulu ndi ena ang’onoang’ono ambiri, onse a zikhadabo.

“Ba Liness,” anatero Bupe, “si ndimwe munali kukamba ati ni malodza?”

“Ndi malodza, nanga n’chiyani? Inalira Januwale, Epulo taika munthu. Ndinanena ine.”

“Mudala anali na zaka pafupifupi ninety!”

“Ndinanena,” anabwereza Liness, akupukuta m’maso ndi mkono wa yunifolomu. “Inadzatenga munthu wake. Koma inamutengera pakhomo pake.”

Anavundukula kachitini, anakhuthulira mafupa a nkhuku pabowo, n’kuuza Bupe kuti achepetse phokoso, ana angaope.